Tsiku Limene Asidi Anadya Nkhope ya Anambewe

Ntchito yanga yoyamba ku Dubai anandipezera ndi Anambewe, mayi a kwathu amene ankalera ana m'nyumba ina kufupi ndi Satwa. Anamva kuti madamu ena a ku Holland akufuna wothandiza m'chipinda chawo chosindikiziramo zithunzi, ndipo ananditengera komweko pa tsiku lawo lopuma.

Madamu ankagwira ntchito m'njira yakale ya kwawo. Amapaka phula papuleti ya mkuwa, n'kujambulapo ndi singano, kenako n'kuiviika mu asidi. Asidiyo amadya mokhamokha mwadutsa singano, ndipo m'mizere imeneyo ndi momwe mumakhala inki posindikiza. Yanga inali kunyowetsa mapepala, kupukuta mapuleti ndi kupukusa makina. Pakhoma panali zithunzi zamakedzana za kwawoko: opemphetsa, alimi oledzera, mayi wokazinga zitumbuwa. Anambewe ankazikonda. "Anthu wamba ngati ife, koma mpaka lero akuonekabe," ankatero.

Anambewe atayamba kudwaladwala n'kuganiza zobwerera kumudzi, madamu anayamba kuwajambula papuleti, pang'onopang'ono, masiku opuma okhaokha. Tsiku loiviika litafika, madamu atangoika puletiyo mu asidi anaitanidwa ndi kasitomala. "Usaikhudze mpaka wotchi ilire," anatero akutuluka.

Posakhalitsa eyakoni inazima, chipinda n'kusanduka uvuni. Thovu linayamba kutuluka pamkuwa mofulumira. Ndinkalichotsa ndi nthenga monga anandiphunzitsira, koma linkangobwereranso. Ndinaimbira madamu foni, osayankha. Ndinaimbanso, zii. Ndinali watsopano, viza yanga ili m'manja mwawo. Kuivuula puletiyo ndinkaopa, kuisiya ndinkaopanso. Ndinangoima pamenepo thukuta lili kamukamu, ndikudzimvera chisoni.

Madamu atabwera anaitsuka n'kupukusa mutu. "Asidi akatentha amalusa. Khalas, zatha basi." Mizere yothithikana ya kunkhope inali itadyekera pamodzi. Nthawi yojambulanso panalibe, ndege ya Anambewe inali ya mawa lake.

Tinasindikizabe chithunzi chimodzi. Pankhope panangotuluka banga lotuwa, koma manja anaoneka bwinobwino, ali pamiyendo. Anambewe anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Manjawa ndi angadi, achimwene," anatero. "Ndi omwenso amawadziwa kuno."

Anachikulunga n'kupita nacho. Kuyambira tsiku limenelo ndikaviika puleti maso anga amakhala pathovu, osati pawotchi, ndipo likangolusa ndimavuula osadikira munthu. Ndinaziphunzira mochedwa, Anambewe sanabwerenso.