Bwalo Linaiwala Kutchula Tsiku

Lachiwiri, pochokera kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinadzera ku Mkaika. Ndinapeza mlamu wanga Nabanda ali padenga la nyumba yake, akutseka mabowo ndi udzu wakale. Kum'mawa mitambo inali itada.

Mwamuna wake ndi mphwanga Zakeyo, ndipo nkhoswe ya mphwangayo ndine. Mwezi watha nkhani ya banja lawo inakambidwa pabwalo la mfumu. Bwalo linagamula kuti Zakeyo akamusudzula mkaziyo, amufolerere nyumba, ndipo azilimira ana munda ndi kuwaveka. Tonse tinaomba m'manja. Palibe anafunsa kuti zimenezi ziyamba liti.

Zakeyo yekha ndiye anaona mpatawo. Mpaka lero sanamusudzule.

Madzulo omwewo ndinakamupeza kwa amayi athu, akusoka thumba la ulendo wokagwira ntchito ku Halale.

"Akulu, bwalo linati ndikamusudzula," anatero. "Kodi ndamusudzula?"

Ndinamuuza kuti ngati ndi choncho akadali mkamwini, atenge khasu akalime. Anaseka, nati iye salima munda wa nyumba imene sadyako.

Mwaona? Pa ntchito ya mwamuna akuti banja linatha. Pa chigamulo akuti banja lilipo. Pakati pa mawu awiriwa pali ana amene denga lawo likudontha.

Si mphwanga yekha. Ambiri aphunzira kuvomera mlandu mwaulemu, chipewa chili m'manja, kenaka n'kusiya tsikulo liyandame. Wina amati tikakolola. Wina amati ndikabwera kuntchito. Amati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma pano wozengereza ndi wina, wokwawa ndi wina.

Ena a inu muti ana ali ndi amalume awo. N'zoona, ndiwo mwambo wathu. Koma mlongo wake wa Nabanda nayenso ali kumigodi, akusaka ya msonkho. Ndipo bwalo silinatchule amalume. Linatchula Zakeyo.

Ine ndikuti udindo uyambe tsiku limene bwalo layankhula. Kusudzula kubwere pambuyo. Mvula ikagwa munda usanalimidwe, chaka chonse chapita.

Loweruka ndikubwerera kubwalo kukapempha kuti atchule tsiku pamaso pa onse, mphwanga asananyamuke. Amayi akuti ndikugulitsa mbale wanga. Unkhoswe ndinauvomera anthu akuona, ndipo sunathe.

Inu amene mumakhala pamilandu, musanaombe m'manja, funsani kuti kuyambira liti. Nabanda anandifunsa zomwezo ali padenga paja.