Mboni ya achimwene inachedwa

Tinanyamuka ku Lobi nkhungu isanachoke, ine ndi a Nambewe pa kabaza mmodzi wa njinga yamoto. Wakabaza anatilipiritsa K4,000 aliyense mpaka pa Linthipe, akuti matope nawo amamwa petulo. Sindinanenerere mtengo. Mtima unali ku Lilongwe, kumene khoti lalikulu limamva apilo ya achimwene anga, a Gelevazio.

Achimwenewo ali kundende chifukwa anapha amuna a a Nambewe omwewa pokangana za malire a dimba. Iwo ankati amadziteteza ku nkhwangwa. Khoti linakana, linati anamenyanso munthu atagwa kale, n'chifukwa chilango chinakula. Koma a Nambewe anaona zonse: amuna awo amadzuka, nkhwangwa ili m'manja. Kungoti nthawi ya mlandu akuchimuna anali asanawasudzule, ndiye sakanatsutsa malemu akadali pakhomo pa eni. Atangowasudzula anabwera okha kwathu kudzadzipereka kukhala mboni.

Pa Linthipe minibasi inachedwa kudzaza. Ndinatsika, kukwera, kutsikanso, mpaka kondakitala anandifunsa ngati mpando uli ndi nsikidzi. Ndinagula tchipisi, tinalephera kudya tonse awiri. Njira yonse a Nambewe amangoyeseza mawu awo chamumtima, milomo ikugwedera. Pa Nathenje apolisi anatiimitsa, ine thukuta kamukamu ngati wolakwa ndine.

Tinafika dzuwa litakwera. Loya wa achimwene anatipeza pakhonde, ndipo ndinamulozera mboni yathu monyadira. Anapukusa mutu.

"Mayi, apilo si bwalo la kumudzi. Lero akuwerenga zimene zinanenedwa kale. Mboni yatsopano imafunika kupempheratu, ndiponso oweruza angafunse kuti mboniyo inali kuti nthawi yonseyi."

Zinandiwawa, ndisaname. Tinakhala kumbuyo ngati alendo pa ukwati wa eni, Chingelezi chikungotidutsa. Chimene ndinamva n'chakuti chilango sichisintha.

Achimwene akuwatulutsa, a Nambewe anagwada pafupi ndi galimoto ya ndende.

"A Gele, ine ndinaona. Amuna anga aja amadzuka."

Achimwene anawayang'ana, unyolo uli m'manja.

"Ndimadziwa kuti munaona, mayi. Tsiku la mlandu lija ndinkangoyang'ana kukhomo."

Pobwerera minibasi inadzaza msanga, koma ine sindinkafunanso kufika. Ndinaphunzira kuti mwambo umadikira, khoti ayi, ndipo kunyumba amayi anali atasesa kale m'chipinda cha achimwene.