Dzinja Limene Chigayo Chinkaluma

Fungo la gaga wonyowa limandikumbutsa dzinja limene chigayo cha kwathu ku Mlangeni chinayamba kuluma anthu. Ndinali kamtsikana ka sitandade 4. Mvula inkagwa mosalekeza, denga la chigayo linkadontha, ndipo pasimenti pankakhala phala la ufa ndi matope loterera kumapazi. Ukati ukhuthulire chimanga m'chitsulo cha pamwamba, dzanja linkachita dzanzi mpaka m'chigongono. Amayi ena ankakuwa n'kuponya dengu, kenako n'kuseka mwamanyazi.

Kusekako sikunakhalitse. Kumjigo kunayamba manong'onong'o akuti mwini chigayo anakhwimira, ndipo chizimba chake chinkafuna munthu. Ife ana tinkamva zonse, moti podutsa pakhomo pake tinkaliyatsa liwiro osacheuka.

Amene ankagayitsa anali msuweni wanga Layisoni, mwana wa azakhali. Ankayera mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze, ndipo akandiona ankafuula kuti, "Wabwera mkazi wanga waulesi uja!" Ndinkakwiya, komatu ndinkamukonda kwambiri.

Abambo anga anagwirapo ntchito ya zamagetsi pafakitale ina ku Blantyre asanabwerere kumudzi kudzalima mbatata. Tsiku lina ananditsatira kuchigayo n'kukhudzitsa katesita kawo koyezera magetsi pachitsulo chija. Kagetsi kake kanayaka psuu. Atazungulira kuseri anapeza kuti waya wothawitsira magetsi m'nthaka anadulidwa kalekale, mwina ndi otchera misampha.

"Zimitsani, achimwene," anauza mwini wake. "Mota yalowa madzi. Ipha munthu iyi."

"Tikonza mvula ikatha. Nditseke lero, anthu adya chiyani?"

Zinali zoona ndithu, chifukwa chigayo china chinali kutsidya kwa mtsinje wosefukira. Abambo anangobwerera kunyumba, n'kutulutsa jombo zawo za mphira za kufakitale, kukapatsa Layisoni kuti asamagwire ntchito wopanda nsapato. Iye anathokoza mowomba m'manja, anazitsuka bwinobwino, n'kuzisunga kuti azivala popita kumsika wa Lizulu. Ankati zabwino chonchi sangaziipitse ndi ufa.

M'mawa wina, tikupalira kuseri kwa nyumba, tinamva azimayi akukuwa kuchigayo. Chimene chimandiopsabe n'chakuti chigayo chinkalirabe ngati palibe chachitika. Abambo anataya khasu n'kuthamanga, ine pambuyo. Anafikira kugwetsa swichi yaikulu, koma Layisoni anali atagona kale m'matope muja, jombo zili kunyumba.

Maliro atatha, anyamata anatentha nkhokwe ya mwini chigayo, ndipo iye anathawira ku Mozambique. Mudzi unapuma, inenso mtima unakhala pansi. Pasanapite nthawi mlamu wa mwini chigayo uja anaitana anthu a mapemphero, anawaza madzi m'makona onse, n'kulengeza kuti chigayo chayera.

Tsiku lotsegulira, abambo anakaima pakhomo pa chigayo, pulayazi ndi waya watsopano zili m'manja, n'kukana kusuntha. Anthu anawanyoza, ena mpaka anati nawonso ali m'gulu la okhwima. Ine ndinachita manyazi kwambiri. Mfiti inali itathamangitsidwa kale, nanga iwo ankalimbana ndi chiyaninso?

Lero ndikamaganiza za tsiku lotseguliralo, ndimaona zimene abambo ankaona. Anthu anali atathamangitsa munthu, koma mota inali yomwe ija, denga likudonthabe. Ndipo woyamba pamzere, dengu la chimanga lili pamutu, anali azakhali, mayi ake a Layisoni, opanda nsapato.