Nsomba Yanji Imadya Nthenga?

Aneba athu ku Mlare, mayi achikulire ogulitsa mpunga, sakhulupirira chinthu asanachigwire. Ngakhale dzira amaligwedeza kaye pakhutu. Amakonda kunena kuti bodza limavala bwino.

Amuna awo atalowa gulu lathu lowedza ndi nyambo ya nthenga, tinkakonzera ulendo pakhonde pawo. Mayiwo ankangotiyang'ana cham'mbali.

"A Stanford," anandifunsa, "nsomba yanji imadya nthenga? Nanga bwanji bambowa amabwerako chimanjamanja? Kumtsinjeko kuli mkazi eti?"

Loweruka anakwera nafe galimoto osaitanidwa. Kumtsinje anaona amuna awo akukoka mpasa yaikulu, kuijambula, n'kuibwezera m'madzi.

Mayiwo anakhala pansi, manja kumutu.

"Chiuta wane! Bola akanakhala mkazi," anatero. "Mkazi ndikanamuthamangitsa. Nanga misala ndiithamangitsa bwanji?"