Mpeni Womezanitsira Mango

A Enoki a ku Chiosya sankatchuka ndi fodya ngati anzawo. Ankatchuka ndi kuseri kwa nyumba yawo. Kumeneko kunali chitsime, mpanda wa bango, mabedi a mpiru ndi timitengo ta mango m'machubu. Ankalimako ndi mwana wawo Vitus, kuyambira ali wolephera kunyamula ndowa mpaka atamera ndevu.

Luso lawo linali kumezanitsa. Mwera ukaleka, mu Ogasiti, ankang'amba kamtengo ka mango a kalisere pamutu, n'kulowetsapo kanthambi ka boloma, n'kumanga ndi kachingwe kodula ku jumbo. Tizingweto sitinkachoka m'thumba la Vitus. Mpeni unali umodzi, waung'ono, wonoledwa mpaka kumeta cheya cha pamkono. Tsiku limene anamupatsa mpeniwo, a Enoki anati, "Uwu si wotayira nthambi pansi. Pamene wacheka, umange wekha, dzuwa lisanapaone."

Kumapeto kwa Okutobala 2001, nthaka ikutentha mapazi, Vitus anati adzale chimanga kuseriko azithirira, chidzache msanga. Bambo ake anakayika.

"Chidzacha chokha m'mudzi muno. Maso onse adzakhala pano."

Komabe anavomera, ndipo ankatunga limodzi m'mawa ndi madzulo.

Njala inabwera ndi dzinja. Anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ena ankawoloka malire kukasuma ku Zambia. Kuminda chimanga chinali chisanamasule, koma kuseri kwa a Enoki mondokwa anali atauma ndevu. Kumidzi ina kunkamveka za akuba odulidwa makutu.

Tsiku lina mu Januwale mudzi wonse unali kumanda, maliro achitatu sabata imeneyo. Vitus anabwerako msanga, mwambo usanathe. Atatsegula chitseko cha mpanda anapeza a Maliko, oyandikana nawo nyumba, okonza njinga, atagwada m'chimanga akukukuta mondokwa wosaphika. Zimanga zina zinayi anali atabisa m'malaya.

"Wakuba! Wakuba kuno!" anakuwa Vitus.

Adzukulu okumba manda anali m'njira kuchokera kumanda, makasu ali paphewa, mimba zili pamsana. Anagwetsa mpanda polowa. Patsogolo panali Dickson, mkulu wawo, ndipo mpini wake ndi umene unayamba kutera pamsana pa a Maliko. Ena anatsatira ndi zidendene. Anawakokera pabedi la mpiru, nkhope m'matope.

"Ife tikudya zitsa, inu mondokwa? Mwanenepatu, achimwene!" anatero mmodzi wa adzukuluwo.

"Makasu tili nawo kale. Dothi ndi lofewa lero."

A Maliko analavula magazi ndi njere za chimanga. "Vitus, mwanawe, ndine. Ana kunyumba agona ndi njala kawiri."

"Mwini munda, ika chizindikiro," anatero Dickson. "Khutu! Kapena ndiwe mkazi?"

Vitus anakumbukira ndowa zonse za mu Novembala. Anatulutsa mpeni. Unalowa m'khutu mopanda phokoso, monga umalowera mu kalisere, mpaka pakati. Magazi anawazikira pamasamba a mpiru. A Maliko anakuwa, ndipo kukuwako kunangowonjezera ukali wa anthu. Dickson anatembenuza khasu, n'kulikweza pamwamba pa mutu wawo.

A Enoki anafika akuthamanga, jekete la kumaliro lili pathupi. Anadzigwetsa pa a Maliko, n'kutchinga ndi mkono wamanja. Khasu linatera pamkonopo, fupa linathyoka, aliyense anamva. Dickson anabwerera m'mbuyo, khasu likulendewera.

A Enoki anadzuka pang'onopang'ono, mkono uli lende, thukuta likuyenderera.

"Vitus. Wacheka ndani apa?"

"Ine, Ababa."

"Manga."

"Aa, madala," anatero Dickson, "wakuba azimangidwanso bala?"

"Unatungako ndowa zingati pachitsimechi, Dickson? Vitus, ndati manga."

Vitus anatunga madzi n'kutsuka matope. Anaika mutu wa a Maliko pamiyendo pake, n'kulumikiza khutu m'mphepete ndi m'mphepete kuti pasatsale mpata, monga anamuphunzitsira. Anang'amba malaya ake, n'kukulunga, n'kumanga ndi tizingwe ta jumbo. Zala zinkaterereka ndi magazi. Kawiri konse bambo ake anati, "Masula, wapotoza." Ntchitoyo inatenga nthawi, ndipo adzukulu anangoima, chifukwa panalibe pomenya munthu amene mutu wake uli pamiyendo ya mwini munda. Mvula itayamba kudontha anatola makasu, mmodzimmodzi.

A Enoki ndi a Maliko anapita kuchipatala ku boma pa ngolo imodzi, Vitus akuyendetsa ng'ombe. Pobwerako anapeza chimanga chonse chitathyoledwa.

A Maliko anachira. Khutu linagwira, lopindika pang'ono ngati tsamba lopsa ndi dzuwa. Akakumana ndi a Enoki ankavula chipewa. Koma Vitus, a Maliko sanamupatsenso moni mpaka lero.

Mkono wa a Enoki unalumikizika mokhota, ndipo zala sizinagwirenso mpeni. Mwera utaleka chaka chimenecho, a Enoki anakhala pa ndowa yovundikira, akudula tizingwe ndi mano ndi dzanja lamanzere. Vitus ndiye ankacheka. Mpeni ukangokhudza khungwa, ankakumbukira khutu lija, n'kucheka mopotoza. Pa timitengo makumi anayi, tinagwira tisanu ndi tinayi tokha.

A Enoki anayenda pamzere wa machubu akukhudza touma ndi phazi.

"Kalisere akadali wamoyo pansipa," anatero. "Kanole mpeni."