Mchenga m'thumba la alamu anga

A Ezekiele ndi alamu anga, akulu awo a bambo akunyumba. Amapalasa kabaza pa Neno boma. Ali mnyamata anakhalako ku Blantyre, ndipo nkhonya anaphunzira komweko. M'mawa uliwonse ankamenya thumba lomwe anapachika mumtengo wa mango kuseri kwathu.

Ine ndikamasesa, ankandiuza kuti, "Alamu, nkhonya si ndewu ayi. Dzanja lamanzere kawiri, mopepuka, kungofunsa njira. Kenako lamanja, ndi thupi lonse."

"Nanga ine ndikamenye ndani?"

"Amuna anuwo, akachedwa kumsika."

M'thumbamo anaikamo utuchi ndi nsanza zofewa. Chaka chatha ndili ndi khanda, mvula inagwa sabata yathunthu, matewera osauma. Alamu atapita kumaliro ku Dambe, ndinamasula thumba lija n'kusolola nsanza zonse. Kuti lisaoneke lophwa ndinathiramo mchenga wonyowa wakumtsinje. Ndinkati thumba ndi thumba basi, bola kulemera. Sindinadziwe kuti mchengawo utsikira pansi n'kuuma gwa ngati njerwa.

Anabwerako kutatsala masiku asanu kuti akamenye nkhonya yampikisano ku Blantyre. Zaka zinali zitapita osapikisana, ndipo okha ankati uwu ndi mwayi wotsiriza. Ine ndinali pakhonde, ndikuyamwitsa. Lamanzere kawiri linagunda pamwamba, pofewa. Lamanja analitsitsa m'munsi ndi mphamvu zonse. Ndinangomva kuti khwa! Anakhala pansi atagwira dzanja, osalira.

Kuchipatala anawaika chikhakha. Ku Blantyre kunapita wina, kabaza inaima miyezi iwiri. Ine duu.

Atapeza mchenga m'thumbamo anayamba kuganizira a Bernard, mnzawo wapakabaza yemwe anakangana naye, mpaka anakawatukwana pasiteji anthu akuona. Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinawapeza ali okha, n'kugwada.

"Alamu, a Bernard alibe mlandu. Mchenga uja ndinathira ndine. Nsanza ndinatengera mwanayu."

Anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Nsanza zokha, eti? Mukanangopempha, alamu."

Sanauze munthu, ngakhale mng'ono wawo. Kwa a Bernard anakapepesa okha, osanditchula. Dzanjalo linapola mokhota, chibakera sichifumbatikanso bwino, ndipo nkhonya anasiya.

Mpaka pano akandiona ndikupita ndi mwana kusikelo amaima kuti ndikwere. Kukana sindingathe. Njira yonse ndimayang'ana kumbali kuti ndisaone dzanja lija pahandulo.