Thumba Lotsekedwa Dala

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, akazi a telala sanakhotetsepo msoko ngakhale umodzi. Makina awo anali pazenera, a amuna awo pafupi ndi khomo, pakati pali tebulo lodulirapo nsalu. Anayamba kusoka ali mtsikana, anakwatiwa akusoka, ana atatu anawalera phazi lili pa makina. Makasitomala ankawaopa pang'ono. Amuna awo ankawaitana kuti "mayi", mwaulemu ngati akulankhula ndi apongozi.

Mtendere unatha pamene mng'ono wa mayiwo, mwamuna wake atamwalira, anabwera kudzathandiza kusokerera mabatani. Ntchito sankaidziwa n'komwe. Batani ankaliika pomwe palibe bowo, ulusi wofiira pa shati yoyera. Koma telala, munthu amene kunyumba ankangoti duu ngati kabati, akaona zimenezi ankasanduka wina.

"Alamu, shati iyi mwasokera munthu wopindika?" ankafunsa ataikweza m'mwamba.

"Mwini wake akapindike, alamu, ine yanga ndamaliza," ankayankha mng'onoyo osadzutsa ndi mutu womwe.

Ankaseka awiriwo mpaka telala kupukuta misozi ndi kansalu kotsala.

Akazi a telala sankawaganizira zoipa ayi. Mng'ono wawo ankamudziwa, amuna awonso ankawadziwa, zachibwenzi panalibe. Chomwe chinkawapweteka n'chakuti zaka zonsezo bamboyu sanawasereulepo iwo, ngakhale kamodzi. Nsanje inkawadya, nsanje ya kuseka chabe, ndipo ankachita nayo manyazi. Angamuuze ndani kuti akusirira kunenedwa? Ankangopondereza makina mwaukali mpaka singano kuthyoka.

Lachinayi lina anatopa nazo. Anatenga buluku la kasitomala wina, mphunzitsi, n'kusoka thumba lakumanja kulitseka lonse, dala. Analiika pamwamba pa zovala zomalizidwa, nabwerera pampando. Yankho anali atakonzeratu. Amuna awo akangoyamba kuwaseka, iwo adzati: "Mphunzitsiyo manja azilembera pa bolodi, m'thumba akufunamo chiyani?" Analibwereza kangapo chamumtima, mpaka kumwetulira okha.

Telala anali ndi chizolowezi chake: chovala chilichonse asanachipinde ankapisa dzanja m'matumba monse. Atafika pa bulukulo, dzanja linakana kulowa. Anayang'anitsitsa msokowo n'kuuzindikira, poti m'shopu monsemo wosoka mowongoka chonchi anali mmodzi yekha. Akazi ake anasiya kupondaponda, akudikira.

Bamboyo anasuzumira kwa mlamu wake, amene anali kalikiliki ndi mabatani, kenako anamufulatira kuti asaone kanthu. Anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusiwo umodziumodzi, mwakachetechete. Atamaliza analisita bulukulo, kulipinda, n'kubwera pazenera. Anawerama nanong'ona kuti wina asamve.

"Mayi, mwatopa. Pitani mukapumeko, palibe amene waona."

"Ndinachita dala," anatero akazi ake.

Nkhope ya telala inagwa. Anawayang'ana mwamantha, manja ali kumbuyo.

"Ndakulakwirani chiyani, mayi?"

Anafuna kumuuza, koma sanadziwe poyambira. Munthu angadandaule bwanji kuti akulemekezedwa?

"Palibe, bambo," anatero, n'kuweramiranso pa makina kuti misozi isaoneke.